Atikopera lebulo ya chiponde, tiyambire pati?

Nambewe (adimini): Mwaswera bwanji mamembala. Funso ili lachokera kwa mmodzi wa ife amene sanafune kutchulidwa. Kampani yawo yaing'ono imapanga chiponde, ndipo dzina ndi chizindikiro chawo analembetsa kwa Registrar General, ofesi ya boma yolembetsa makampani ndi zizindikiro za malonda. Sabata yatha apeza mabotolo pa Nsungwi ndi kwa Tsoka okhala ndi lebulo yofanana ndi yawo: mtundu womwewo, chithunzi cha mtedza chomwecho, pa dzina angosintha chilembo chimodzi. Mtengo ndi wotsika kwambiri, ndipo makasitomala ena ayamba kale kudandaula kuti chiponde chasintha kakomedwe. Akufunsa kuti apite kupolisi, kwa loya, kapena angolemba pa Facebook kuti anthu achenjere. Odziwa tithandizeni, koma chonde pasatchulidwe dzina la shopu kapena la munthu.

Yamikani: Facebook basi. Aike zithunzi ziwiri, chenicheni uku feki uku, mawa lomwe anthuwo athawa okha.

Bambo Kamwendo: Athawadi achimwene, ndipo vuto lake ndi lomwelo. Akathawa amapita ndi makatoni, malebulo ndi dzina la amene akuwapatsa katundu, inu n'kutsala ndi zithunzi za pafoni. Pakatha mwezi katundu yemweyo atulukira ku Mitundu kapena ku Mponela. Sabata yoyamba si yolankhula ayi, ndi yogula.

Atume munthu amene mavenda sakumudziwa, osati mwini kampani kapena mnyamata amene amaperekera katundu m'magolosale. Agule mabotolo atatu pa malo aliwonse, ndipo malowo akhale osachepera atatu. Botolo limodzi ndi lokayezetsa, lina la loya ndi khothi, lina losunga losatsegula. Apemphe risiti. Pamsika risiti njosowa, ndiye alipire pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa uthenga umene umabwera uja umaonetsa dzina, nambala, tsiku ndi ndalama. Asaufufute. Akangochoka pamalopo alembe m'kope tsiku, nthawi, benchi kapena shopu yake, mtengo, mawu amene anapemphera katunduyo ndi zimene wogulitsa anayankha. Apa pali umboni umene ambiri amautaya: munthu akapempha chiponde potchula dzina lanu, wogulitsa n'kumutambasulira chinacho osanena kanthu, zimenezo zimalemera kuposa chithunzi chilichonse. Botolo lililonse likhale m'jumbo yake, amate ndi tepi, alembe nambala ndi kusaina pa tepipo. Ndipo wogulayo akhale munthu wokonzeka kudzalumbira ndi kudzaima m'khothi, osati wongodutsa amene mawa ali ku Joni.

Mayi Chirwa: Ndionjezere pa zimene anena a Kamwendo. Musanaloze chala munthu, tsegulani fayilo yanu. Milandu ina ya zizindikiro imagwa chifukwa cha mapepala a wodandaula yemweyo.

Onani setifiketi ya chizindikiro ngati idakali ndi moyo. Lamulo limene likugwira ntchito pano ndi Trademarks Act ya 2018, ndipo pansi pake chizindikiro chimakhala zaka 10 n'kufunika kuchikonzanso. Amene analembetsa kale pansi pa lamulo la 1957 nthawi yawo inali ina, zaka 7 poyamba kenako 14, ndiye musawerenge pamtima, werengani tsiku lolembedwa papepalapo. Onaninso dzina la mwini. Kawirikawiri chizindikiro chimalembedwa m'dzina la munthu amene anayambitsa bizinesi, kampani n'kudzabadwa pambuyo pake, osasamutsa umwini. Kampani ikasuma pomwe setifiketi ili m'dzina la munthu, loya wa mbali inayo ayambira pomwepo. Kusamutsako kuchitike polemba ndipo kukalembedwe ku ofesi ya Registrar General.

Kenako kalasi. Katundu ndi ntchito zinagawidwa m'makalasi 45, ndipo chiponde chili mu kalasi 29 pamodzi ndi mafuta ophikira. Uchi ndi ufa zili mu 30, mbewu mu 31, madzi a m'botolo mu 32. Ena analembetsa poyamba akugulitsa uchi, chiponde n'kudzayamba bwino lake, ndiye setifiketi yawo sikutchula katundu amene wakoperedwayo. Komanso yang'anani chimene munalembetsa kwenikweni: mawu okha, chithunzi chokha, kapena lebulo yonse. Ngati ndi mawu okha, nkhani ya mtundu wa lebulo ndi chithunzi cha mtedza iyenda njira ina.

Tadala: Mayi Chirwa, nanga setifiketi ya kampani ija siyokwanira? Dzina la bizinesi linalembetsedwa kale ku ofesi yomweyo.

Mayi Chirwa: Ayi achemwali. Ofesi ndi imodzi koma mabuku ndi osiyana. Kulembetsa kampani pansi pa Companies Act ya 2013, kapena dzina la bizinesi, kumakupatsani chilolezo chochita malonda m'dzinalo. Sikukupatsani mphamvu yoletsa wina kumata dzinalo pa botolo. Ndipo pitani mukafufuze m'buku la zizindikiro ngati winayo sanalembetse lake, kapena sanapereke pempho. Mukapeza kuti pempho lake lasindikizidwa kumene, pali nthawi yochepa yolitsutsa, ndiye musagone. Mukapeza kuti analembetsa kale, nkhani yasintha: loya ayenera kupempha kuti chizindikiro chakecho chifufutidwe.

Mphatso wa ku Kanengo: Ine ndilankhule za botolo lenilenilo, chifukwa limanena lokha kumene lachokera ngati mukudziwa poyang'ana. Ikani lanu ndi lawo pa tebulo pamalo owala.

Yambani ndi nambala ya batch (gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi) ndi tsiku lothera ntchito. Wopanga weniweni amadinda zimenezi payekha pa tsiku lopanga, kaya ndi kamakina kaya ndi chidindo, ndiye zimasintha. Wokopera amajambula lebulo imodzi yonse n'kuisindikiza kambirimbiri, ndiye mupeza mabotolo a pa Nsungwi, a kwa Tsoka ndi a ku Wakawaka onse ali ndi batch imodzi, ndipo manambalawo ndi osalala ngati mbali ya chithunzi. Fufuzani m'buku lanu kuti batch imeneyo inatuluka liti ndipo inapita kwa ndani. Nthawi zina apo pokha mwadziwa kale amene anapereka botolo lokajambula.

Kenako kokerani lebulo pafupi ndi kamera ya foni. Timalemba ting'onoting'ono ta zosakaniza ndi keyala tikakhala tophwanyika m'mphepete, ndiye kuti anachita kujambula. Donthezani madzi pang'ono: inki ya mapulinta ena a muofesi imasungunuka. Koma mukapeza kuti lebuloyo ndi yoyera bwinobwino, pepala lomwelo, kudula komweko, guluu yemweyo, musathamangire kumsika, yang'anani kunyumba. Mwina kumene mumasindikizitsa anapanga oonjezera n'kugulitsa, mwina amene anakujambulirani chizindikiro adakali ndi fayilo, mwina wantchito akutulutsa mipukutu. Werengani: munaoda malebulo angati, mwamata angati, oonongeka angati, otsala m'sitolo angati. Kusiyana kwake ndi kumene kuli pamsika.

Pali mtundu wachitatu umene ndi wovuta kwambiri: botolo lanu lenileni, lebulo yanu yeniyeni, koma zam'kati si zanu. Mabotolo otha amagulidwa pamsika, kutsukidwa n'kudzazidwanso. Apa muone chivindikiro ngati kamkombero kake kanaduka kale, muone kapepala komata pakamwa ngati kalipo, muone lebulo ngati yatupa ndi madzi. Muyezenso pa sikelo mabotolo onse, chifukwa odzaza ndi manja salingana.

Nambewe (adimini): Mwini funso akuti zoona, mabotolo onse asanu ndi limodzi amene ali nawo batch yake ndi imodzi. Akufunsa ngati tsopano angalembe kalata yochenjeza.

Bambo Kamwendo: Kalata ipite kwa ndani? Funso ndi limenelo. Mayi wa pabenchi amene anaoda makatoni awiri si mdani wanu, ndi njira yanu yokafikira kwa mwini katundu. Wogula wanu uja abwerere ngati wofuna kuoda zambiri, afunse kuti makatoni khumi angawapeze kuti. Mavenda amalozerana okha. Mukapeza woodetsa, muone tsiku limene galimoto imatsitsa, nambala yake, ndi kumene imachokera. Kalata imabwera mutadziwa zimenezi.

Ndipo kalata si ya aliyense. Ngati wokoperayo ndi bizinesi yodziwika, ili ndi keyala, shopu ndi dzina loti iteteze, kalata imagwira ntchito ndipo ndi yotsika mtengo. Ngati ndi anthu opangira m'nyumba yalendi usiku, kalata ndi belu lowauza kuti asamuke.

Loya Mvula: Ndivomerezane ndi a Kamwendo, ndipo ndifotokoze njira ziwiri: kalata ndi khothi.

Kalata yabwino imakhala ndi zinthu izi mosazungulira: mwini chizindikiro ndi ndani, nambala ya setifiketi ndi kalasi yake, kope la setifiketiyo, zithunzi za mabotolo awiriwo, malo ndi masiku amene katundu anagulidwa. Kenako zimene mukufuna: asiye kupanga ndi kugulitsa, apereke malebulo ndi katundu yense wotsala, aulule amene anawasindikizira ndi amene anawagulitsa pamodzi ndi ma invoice, anene kuchuluka kwa zimene agulitsa kale, ndipo asaine pepala lolonjeza kuti sadzabwerezanso. Apatseni masiku 7, mukachulukitsa 14. Kalatayo iperekedwe pamanja, wolandira asaine pa kope lanu ndi kulemba tsiku. Kutumiza pa WhatsApp kukhale kongoonjezera.

Zimene zimalakwika pa kalata ndi zitatu. Kuopseza zimene simungachite: mukalemba kuti pakatha masiku 7 mukusuma, tsiku lachisanu ndi chitatu mapepala akhale okonzeka, apo ayi kalata yanu yachiwiri aiponya pansi pa kauntala. Kunena zoposa ufulu wanu: mawu ngati "chiponde" kapena "mtedza weniweni" ndi a aliyense, simungaletse munthu kuwagwiritsa ntchito. Ndipo chachitatu, kulemba kuti akapanda kukupatsani ndalama mukawamangitsa. Chiganizo chimenecho chikhoza kukutembenukirani inuyo. Ngati mukufuna kukambirana za ndalama, lembani kalata ina payokha yokhala ndi mawu akuti without prejudice pamwamba, kuti zokambiranazo zisadzagwiritsidwe ntchito pokutsutsani m'khothi.

Njira ina ndi kupita kukhothi osawachenjeza. Milandu ya malonda ngati iyi nthawi zambiri imapita ku Commercial Division ya High Court, ndipo kuno ku Lilongwe iliko. Malamulo a kayendetsedwe ka milandu a 2017, pa Order 10 rule 27, amati khothi lingapereke chiletso chogwirizira likaona kuti pali nkhani yeniyeni yoti iweruzidwe, kuti chipukuta misozi chokha sichingakonze zoonongekazo, komanso kuti n'chilungamo kutero. Pa mfundo yachiwiriyo nenani za mbiri ya dzina lanu: kasitomala amene wadya chiponde chowawa sabwerera, ndipo palibe angawerengere ndalama yake. Pakakhala umboni wamphamvu woti akamva abisa katundu, loya angapemphenso chilolezo cholowa ndi kufufuza pamalopo mbali inayo isanamve. Khothi silipereka chimenechi mwachisawawa, ndipo limafuna kuti muulule zonse, ngakhale zokufooketsani.

Yamikani: Bwana loya, zonsezi n'zabwino pa pepala. Koma tikunena kampani ya anthu mwina khumi. Ndalama ya loya ndi khothi iposa phindu la chaka chonse. Kupolisi n'kwaulere.

Loya Mvula: Nkhawa yanu ndi yoona, ndipo ndionjezerepo china chimene simunatchule. Popempha chiletso mumalonjeza khothi kuti mukadzaluza mlandu mudzalipira zonse zimene winayo wataya chifukwa choimitsidwa. Kwa kampani yaing'ono limenelo si lonjezo lopepuka. N'chifukwa chake ntchito ya Mayi Chirwa ija iyenera kuyamba. Koma kuchedwa nakonso kumadya. Mukadziwa mu Malichi n'kudzapempha chiletso mu Novembala, woweruza adzafunsa kuti ngati nkhaniyo inali yachangu munali kuti miyezi yonseyi. Lembani tsiku limene munazindikira, ndipo chiganizo chipangidwe m'masabata ochepa.

Bambo Nkhoma: Za kupolisi ndiyankhe ine. Kupanga ndi kugulitsa katundu wokhala ndi chizindikiro chabodza ndi mlandu, ndiye apolisi ali ndi gawo. Koma musapite chimanjamanja n'kukanena kuti "akundibera dzina." Wapolisi wa pa kauntala aona ngati mkangano wa amalonda, akuuzani kuti mukagwirizane. Pitani ndi fayilo: kope la setifiketi, mabotolo omata aja, zolemba za wogula, pepala limodzi losonyeza kusiyana kwa chenicheni ndi feki, ndi malo enieni amene katundu akusungidwa. Pemphani kuti nkhani ipite kwa ofufuza milandu, makamaka a fiscal amene amaona za chinyengo. Tengani nambala ya dandaulo lanu ndi dzina la wofufuza.

Kulowa m'nyumba ya munthu kumafuna chikalata cha majisitireti. Tsiku lokagwiralo lidziwike kwa anthu ochepa kwambiri, ngakhale ku kampani kwanu komwe, poti mwina wotulutsa malebulo ali momwemo. Inuyo mumapita ngati wozindikira katundu basi, simugwira kanthu. Onetsetsani kuti zonse zolandidwa zawerengedwa pamaso pa mwini malo, makatoni angati, mipukutu ya malebulo ingati, makina ati, ndipo mbali zonse zasaina. Popanda mndandanda umenewo, tsiku la mlandu makatoni amapezeka achepa ndipo palibe womufunsa. Mabuku a malonda ndi marisiti asasiyidwe, chifukwa ndiwo amaonetsa kukula kwa bizinesiyo.

Chinthu chimodzi musachite zivute zitani: kutenga anyamata n'kukalanda katundu pamsika nokha. Mukatero wolowa m'selo ndinu.

Ndipo dziwani kuti mlandu wa kupolisi ndi wa boma. Munthu akapezeka wolakwa chindapusa kawirikawiri chimapita kuboma, osati kwa inu. Ndalama zanu zimabwera kudzera pa mlandu umene mwasuma nokha.

Esnart: Pali zitseko zina ziwiri zimene kampani yaing'ono ingagogode popanda loya, ndipo pa chakudya zimayenda msanga kuposa nkhani ya chizindikiro. Choyamba ndi Malawi Bureau of Standards. Ngati lebulo yokoperayo yatenganso chidindo cha MBS, umenewo ndi mlandu wina pawokha, ndipo wolakwiridwa ndi iwowo. Apititseni botolo limodzi lomata lija akaliyeze, makamaka poizoni wa chuku. Opanga mobisa amagula mtedza wotsala posankha, wowola ndi wofufuzidwa, chifukwa ndiwo wotchipa, ndipo chuku chimakhala mmenemo. Chiponde chimadyedwa kwambiri ndi ana m'phala. Zotsatira za kuyezako zikaonetsa vuto, nkhani yasanduka ya umoyo wa anthu, ndipo pepala lomwelo lidzakuthandizani kukhothi.

Chachiwiri ndi Competition and Fair Trading Commission, likulu lawo lili konkuno ku Lilongwe. Iwo amaona za kunamiza ogula. Lamulo lawo latsopano la 2024 linawapatsa mphamvu yolamula chindapusa okha. Lembani dandaulo lanu motsindika kuti ogula akupusitsidwa, ndipo phatikizani madandaulo a makasitomala aja. Koma musayembekezere kuti iwo aweruze za umwini wa chizindikiro, imeneyo ndi ntchito ya Registrar ndi khothi.

Tadala: Nanga ngati katunduyo akuchokera kunja? Zina za kwa Tsoka zimadutsa pa Mchinji ndi pa Dedza.

Esnart: Pamenepo ndi MRA. Lembani kalata kwa mkulu wawo, Commissioner General, muike kope la setifiketi, zithunzi zosonyeza kusiyana, dzina la woitanitsa ngati mukulidziwa, chipata chimene amadutsira ndi masiku amene galimoto imabwera. Ofesala wa pachipata amaona magalimoto ambirimbiri, sangatsegule katoni iliyonse kusaka chilembo chimodzi chosinthidwa, ndiye mukampatsa nambala ya galimoto mwamuchepetsera ntchito. Katundu akaimitsidwa, sakhala pamenepo mpaka kalekale, muyenera kuthamangira kukhothi mwachangu. Vuto lake n'lakuti katundu wambiri wotere sadutsa pachipata, amalowa pa njinga m'njira zachidule.

Komanso setifiketi ya ku Malawi imathera pa malire. Fakitale ikakhala ku Chipata, kuti muigwire kumeneko mufunika kulembetsa ku Zambia, ku PACRA, ofesi yawo yolembetsa zizindikiro. Kwa amene akufuna mayiko angapo pali njira ya ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa loona za zizindikiro limene lili ku Harare, komanso ya Madrid, mgwirizano wolembetsera m'mayiko ambiri ndi pempho limodzi, imene Malawi analowa mu 2018.

Mayi Chirwa: Kakang'ono pa za kunja. Katundu weniweni wa mwini wake amene walowa mozemba msonkho si feki. Musalembe m'dandaulo kuti ndi wabodza pomwe ndi weniweni, mudzachita manyazi akamuyeza.

Chikondi Area 23: Mafunso awiri abwana. Amene sanalembetse chizindikiro chawo ndiye kuti basi? Ndipo nanga ogulitsa pa Facebook ndi pa ma status a WhatsApp timatani nawo?

Loya Mvula: Sikuti basi, koma phiri lake ndi lalitali. Wosalembetsa amasuma pa mlandu wa passing off, kutanthauza kugulitsa katundu monamizira kuti ndi wa wina, ndipo ayenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti anthu amadziwa katundu wake ndi dzina kapena maonekedwe amenewo, kuti winayo akupangitsa anthu kuganiza kuti katundu wake ndi wa wodandaula, ndi kuti zimenezi zikumuonongera malonda. Choyambacho ndicho chodya nthawi. Mufunika ma invoice a zaka zingapo, marisiti a kumene munasindikizitsa malebulo oyamba, umboni wa zolengeza pawailesi, zithunzi za ku zionetsero za malonda, ndi eni magolosale okonzeka kulumbira kuti makasitomala amaitanitsa katunduyo ndi dzinalo. Wolembetsa amangoika setifiketi pa tebulo. Ndiye perekani pempho lolembetsa sabata yomweyo, musadikire mlandu, chifukwa wokoperayo akakutsogolerani ku ofesi mwalowa m'mavuto awiri. Ndipo musaike ® pa lebulo setifiketi isanatuluke, kunamizira kuti chizindikiro n'cholembetsedwa ndi mlandu.

Ngakhale olembetsa, mlandu wa passing off amauphatikiza, makamaka ngati setifiketi ili ya mawu okha pomwe zokoperedwa ndi mtundu ndi kaikidwe ka lebulo. Chithunzi chojambulidwa pa lebulo chimatetezedwanso ndi Copyright Act ya 2016. Pezani amene anakujambulirani asaine pepala loti umwini wa chithunzicho anaupereka kwa inu, kuti pasadzakhale mkangano wa mwini wake.

Mphatso wa ku Kanengo: Za pa intaneti, jambulani kaye musanachite lipoti. Screenshot ionetse dzina la tsamba, keyala yake yonse, tsiku, mtengo, nambala ya foni ndi ndemanga za ogula, makamaka amene akufunsa ngati ndi chija chenicheni. Odani katoni imodzi kuti muone wobweretsa ndi kumene akunyamulira. Mukatha apo ndiye mudzaze fomu ya Facebook yodandaulira za chizindikiro, imafunsa nambala ya setifiketi ndi keyala ya positi iliyonse. Dziwani kuti dzina la wodandaula amatha kuliuza mwini tsamba, ndiye lipoti nalonso ndi chenjezo. Tsamba likatsekedwa umboni wapita nalo, ndipo mawa atsegula lina.

Yamikani: Chabwino ndamva. Koma makasitomala tingowasiya azidya zoipazo mpaka mlandu uthe? Milandu ya kuno imatenga zaka.

Bambo Kamwendo: Ayi, chenjezo kwa anthu likufunika, nkhani ndi nthawi yake ndi mawu ake. Litulutseni tsiku limene katundu wagwidwa kapena kalata yaperekedwa, osati lisanafike. Pokhapokha ngati MBS yapeza poizoni, pamenepo moyo wa anthu ndiwo uyambe, chenjezani pompo. M'chenjezomo nenani mmene munthu angadziwire chenicheni ndi nambala yoimba akakayikira. Musatchule munthu kapena shopu kuti ndi akuba khothi lisanatero, chifukwa mlandu woipitsa mbiri ukhoza kukudyerani zambiri kuposa zimene feki anakudyerani. Ndipo musaulule zizindikiro zonse. Nenani ziwiri, chachitatu chikhale chanu ndi loya wanu, poti okoperawo nawonso amamvera wailesi.

Oodetsa anu enieni ndi masupamaketi alembereni kalata paokha. Mavenda a pamsika apatseni kapepala ka m'Chichewa, kaulemu, konena kuti katundu uyu si wathu, kuyambira lero mwadziwa, chenicheni muchipeza apa pa mtengo uwu. Dzerani kwa tcheyamani wa msika, zimayenda bwino kuposa kufika benchi ndi benchi ngati adani. Venda amene walandira kapepalako sangadzanenenso kuti sankadziwa, ndipo ambiri asanduka makasitomala anu.

Loya Mvula: Pa za kutalika kwa milandu, yambiri sifika kumapeto. Chiletso chikangotuluka winayo amabwera yekha kudzakambirana, ndipo malamulo a 2017 omwewo, pa Order 13, amafuna kuti milandu yambiri idutse kaye pa kukambirana pamaso pa woweruza. Mgwirizano ulembedwe n'kukhala chigamulo cha khothi chimene mbali zonse zavomereza, kuti akaswa akhale wanyoza khothi. Mulembemo tsiku lomaliza kugulitsa, kuti malebulo aonongedwe inu mukuona, kuti lebulo yake yatsopano muione isanasindikizidwe, ndi ndalama imene adzalipire akabwereza. Ena amapempha kuti muwalole kumaliza katundu wotsala. Pa nsalu kapena zidebe mungaganizire, pa chakudya chosayezedwa kanani.

Mlandu ukafika kumapeto mumasankha chimodzi: chipukuta misozi pa zimene inu mwataya, kapena phindu limene iye wapeza. Simutenga zonse ziwiri. Yembekezeraninso kubwezeredwa nkhonya. Loya wake adzayesa kunena kuti chizindikiro chanu n'chongofotokoza katundu, kapena kuti kasitomala wake anayamba kuchigwiritsa ntchito inu musanalembetse, kapena kuti papita zaka 5 musakuchigwiritsa ntchito ndiye chifufutidwe. Amene anasintha lebulo kwambiri osalembetsa yatsopanoyo amakodwa pamenepa.

Nambewe (adimini): Mwini funso akuthokoza. Akuti setifiketi ili m'dzina la mayi amene anayambitsa bizinesi, osati la kampani, ndiye ayambira pamenepo. Afunsanso kuti makasitomala amene akubweza mabotolo a feki awasinthire kapena ayi.

Mayi Chirwa: Lamulo silikuwakakamiza kusintha katundu amene sanapange. Koma ine ndingati asinthe botolo limodzi pa munthu, posinthana ndi zinthu zitatu: botolo la fekilo, malo ndi tsiku limene anagula, ndi nambala yake ya foni ngati avomera kudzakhala mboni. Munthu amene anagula akuganiza kuti ndi chanu ndi mboni yoposa wogula wotumidwa uja, chifukwa iyeyo anapusitsidwadi. Zimenezi zilembedwe m'buku limodzi. Ndipo atulutse malonda awo a mwezi ndi mwezi, dera ndi dera, kuyambira chaka chimodzi feki asanaoneke. Ngati Area 25 yatsika pomwe Kawale ndi Biwi zili chimodzimodzi, manambala amenewo ndi amene loya adzawerengere chipukuta misozi.

Mphatso wa ku Kanengo: Ndipo asinthe chivindikiro pa batch yotsatira, aike chokhala ndi kapulasitiki kofinya kodindidwa dzina lawo. Amene amawasindikizira asaine kuti malebulo oonongeka ndi otsala onse azibwezedwa ndi oda iliyonse, ndipo mipukutu izituluka m'sitolo posainira.